Tsiku Limene a Pinki Anakana Kumwa

Amalume anga amagwira ntchito ku thanki ya madzi ya m'tauni mwathu, ndipo agwirako zaka makumi awiri ndi zitatu. Si injiniya ayi. Injiniya amabwera kamodzi pamwezi pa galimoto, n'kusuzumira m'mabuku, n'kubwerera. Amalume ndi amene amatsuka masefa, kuthira mankhwala m'madzi, ndi kutsegula madziwo m'mawa uliwonse. Kwathu mipopi imatulutsa madzi kuyambira faifi koloko mpaka cha m'ma teni. Ikatero imangotulutsa mpweya mpaka mawa lake.

Dzina lawo lenileni amalitchula ndi amayi anga okha, poti ndi mlongo wawo. Tauni yonse imangoti a Pinki. Dzinali linachokera ku kabotolo kagalasi, kotalika ngati chala, kamene amayenda nako m'thumba la ovolosi. Amatungiramo madzi, n'kuponyamo kapiritsi koyera, n'kukhutchumula. Madziwo akasanduka pinki ndiye kuti mankhwala opha majeremusi akadalimo. Akapanda kusintha ndiye kuti pali chonyansa chimene chadya mankhwalawo m'njira.

Lamulo la ku ofesi limati aziyeza pa thanki pomwepo n'kulemba m'buku. Amatero ndithu. Koma akatha kulemba amakwera njinga makilomita anayi kubwera ku mpopi womaliza, kumapeto kwa msewu wathu, pafupi ndi mpanda wa sukulu ya mkaka. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene amadzivutitsira choncho.

"Pa thanki palibe amene amamwa," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Madzi akasanduka pinki amamasula kapu yachitsulo imene imalendewera pa handulo, n'kutunga, n'kumwa anthu onse akuona. Palibe anawauza kuti azitero. Amayi a pamzere anazolowera, moti sayika ndowa pansi pa mpopi a Pinki asanameze.

"Imwani msanga, bambo, tione ngati mugwe," amatero amayi a saluni, amene pakamwa pawo sipauma.

"Ndikagwa mundinyamulire m'ndowa yanuyo. Ndikwanamo ndi njinga yomwe."

Amalume ndi munthu wamfupi, wa imvi zapatalipatali. Ovolosi yawo ili ndi madontho oyera paliponse pamene mankhwala anagwera, ndipo manja awo amanunkha mankhwala ngakhale asambe ndi sopo wotani. Akazi awo anamwalira zaka sikisi zapitazo. Kuyambira pamenepo chakudya chamasana ankadyera kwathu, pa kampando kamene abambo anawakhomera, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Abambo anga ndi kalipentala, ndipo ankawetanso nkhumba zinayi kuseri kwa nyumba. Anthu awiriwa ankatchulana alamu, ndipo tsiku ndi tsiku ankakangana za mpira mpaka mbale zitauma.

Ine ndinamaliza sukulu ya sekondale chaka chatha ndipo ndimangokhala pakhomo. Munthu ukakhala wopanda chochita umaona zambiri. Zimene ndalemba pano ndinaziona ndekha.

M'mwezi wotentha kwambiri amalume anapita kuchipatala chachikulu kukachitidwa opaleshoni ya diso, ndipo anakhalako masabata awiri. Ku thanki kunatsala mnzawo wina amene ankayeza pa thanki pokha, monga mwa lamulo. Atabwerera Lolemba m'mawa, diso lina atamata, anapeza mzere wa ku mpopi womaliza uli ndi chimwemwe.

"A Pinki, mwabwereranji?" anafuula amayi a saluni. "Mnzanu uja ndiye akudziwa ntchito. Madzi akoma ngati a m'botolo. Fungo la mankhwala anu lija latheratu."

"Ngakhale tiyi akumveka tiyi," anavomereza wina.

Amalume anaseka nawo pang'ono. Anatunga m'kabotolo, kuponyamo piritsi, kukhutchumula. Madzi anangoti mbee. Anataya, n'kutunganso, n'kuponya piritsi lina la m'pepala latsopano. Mbee. Anakweza kabotoloko kudzuwa, kuyang'ana ndi diso limodzi lija nthawi yaitali. Kenako anatembenukira ku mpanda kumene aphunzitsi a sukulu ya mkaka anaima ndi chigubu.

"Aphunzitsi, ana ali bwanji?"

"Seveni sanabwere sabata yatha. Akuti m'mimba. Koma ndi kutenthaku, mukudziwa ana."

Kapu ija anali atayimasula kale mwa chizolowezi. Anayiyang'ana, n'kuyimangiriranso pa handulo. 

"Aliyense amene watunga lero akaphitse," anatero. "Aphunzitsi, chigubucho tayani."

Anapalasa njinga mpaka pa kona pamene msewu wathu umayambira. Pamenepo pali chivundikiro chachitsulo pansi, ndipo mkati mwake muli chotsekera madzi a msewu wonse. Analowetsa kiyi wawo wautali n'kupotokola kasanu ndi kawiri. Nyumba makumi anayi, saluni, sukulu ya mkaka ndi mipopi itatu ya onse, zonse zinauma nthawi imodzi. Madzi apafupi anatsala a kumsika, ulendo wa theka la ola ndowa ili pamutu.

Bwana wa ku ofesi anaimba foni pasanathe ola. Ndinamva chifukwa amalume samva bwino, ndiye foni amayikweza mawu. Bwanayo anati buku la pa thanki likuonetsa pinki masiku onse, ndipo anthu ayamba kale kudandaula. Amalume anati paipi yaboka penapake ndipo ikumwa zonyansa. Bwana anati aipeze. Ikapanda kupezeka pofika Lachinayi m'mawa, atumiza munthu wina kudzatsegula madzi, ndipo za kiyi uja akambirana.

Masana amalume anabwera kudzadya monga mwa nthawi zonse. Abambo kunalibe, anati ali ndi zitseko zofunika kumaliza. Amayi anaika mbale n'kubwerera kukhitchini osakhala pansi.

"Achemwali, inunso muziphitsa madzi," anatero amalume.

Apa m'pamene ine ndinalankhula. Ndinkafuna aone kuti pakhomo pathu ndife ochangamuka.

"Ife tikuphitsa kale, amalume. Amayi anayamba sabata yatha ija, musanabwere."

Amalume anasiya kutafuna. Kukhitchini chivundikiro cha poto chinagwa pansi n'kuzungulira nthawi yaitali.  Anamaliza kudya, anathokoza, n'kunyamuka.

Paipi yoboka amayifufuza chonchi. Nthawi yachilimwe udzu wonse umauma, ndiye amayenda motsatira paipi n'kumayang'ana pamene pali pobiriwira. Akapaona amazika chitsulo chachitali n'kuchizula, n'kununkhiza dothi la kunsonga. Lachiwiri lonse anayenda choncho, dzuwa likuswa mtengo, diso lomata likutuluka misozi. Anayamba pa kona, kudutsa kuseri kwa saluni, kuseri kwa nyumba ya atelala, mpaka pa nyumba yoyandikana ndi yathu. Atafika pa mpanda wathu anatulukira kumsewu, n'kukayambiranso pa nyumba yotsatira. Ndinaona. Paipi ya msewu wathu imadutsa kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa khoma ndi khola la nkhumba, ndipo iwo ankadziwa bwino chifukwa anayikwirira ndi iwo omwe.

Anthu sanawasiye.

"A Pinki, tsitsi la makasitomala ndilitsuke ndi malovu?"

"Diso linalo anakuchotsaninso kodi? Madzi oyera ngati amenewa mukuti ndi oipa?"

"Tsegulani, bambo inu. Kufa ndi kwathu."

Iwo ankangozika chitsulo, kuzula, kununkhiza. Lachitatu m'mawa anabwerezanso msewu wonse, ndipo anazika ngakhale pamene panalibe udzu. Ndikuganiza kuti ankafunitsitsa apeze penapake, paliponse, kupatula pamene panatsala.

Masana a Lachitatu analowa pageti pathu chitsulo chili m'manja. Sanakhale pa kampando kawo. Anapitirira kuseri, ndipo abambo, amene ankapala thabwa pakhonde, anasiya n'kuwatsatira. Amayi anatuluka akupukuta manja. M'mbali mwa khola munali kangalande katsopano kotulutsira madzi otsukira nkhumba, ndipo pambali pake panali udzu wobiriwira wofika m'mawondo, pomwe bwalo lonse linali fumbi. Amalume anazika chitsulo. Chinalowa ngati m'phala.

"Alamu, ngalande iyi munakumba liti?"

Abambo anakanda kumutu. "Muli kuchipatala muja. Piki inangokhudza pang'ono, alamu. Kabowo kake kotere, chala sichingalowe. Ndinamanga ndi chubu cha njinga, kukulunga kasanu. Ine ndi mmisiri, sindimanga zamasewera."

"Munamanga kuti madzi asatuluke."

"Eya."

"Nanga teni koloko ikakwana, madzi akasiya? Paipi yopanda kanthu imayamwa, alamu, ngati mwana pa botolo. Pamenepa ikuyamwa chiyani?"

Tonse tinayang'ana ngalande ija. Nkhumba ina inali itaimamo.

"Chubucho ndinadula ndine," anatero amayi motsitsa mawu. "Tinkaopa kukuchititsani manyazi ku ntchito. Tinati mukabwera tikuuzani."

"Ndabwera Lolemba."

"Ndiye takuuzani. Konzani mwakachetechete, achimwene. Awa akumba okha, inu mulumikize. M'bukumo mulembe kuti ndi mizu ya mtengo. Ndani angadzafukule kuti aone?"

Amalume anapukuta nsonga ya chitsulo pa udzu. Anayankha mofatsa ngati akuwerenga malangizo a pa thumba la mankhwala. Anati paipi yonse mpaka ku sukulu iyenera kutsukidwa ndi mankhwala amphamvu, ndipo mankhwala oterowo satuluka m'sitolo popanda kulemba chifukwa chake. Anati dothi lonse lozungulira paipi liyenera kuchotsedwa, ndipo khola lisamuke.

"Ndikalemba mizu, khola likhala pomwepa. Mvula ikagwa tibwerezanso."

"Tilisamutsa pang'onopang'ono."

"Madzi munaphitsa tsiku lomwelo, achemwali. Simunachite pang'onopang'ono."

Amayi anawayang'ana. "Zaka sikisi mukudya pakhomo pano."

"Ndikudziwa."

Tsiku limenelo sanadye.

Lachinayi m'mawa anabwera ndi anzawo awiri a ku thanki, mafosholo ndi paipi yatsopano. Bwana uja anabweranso, atavala nsapato zopolisha, n'kuima patali. Msewu wonse unasonkhana pa mpanda wathu. Pofukula panatuluka matope akuda ndi fungo limene linabweza anthu m'mbuyo. Amalume analowa okha m'dzenje, anamasula chubu chija n'kuchiika pamwamba kuti bwana achione.

"Ndiye tiyi wokoma uja ndi ameneyu?" anatero amayi a saluni. Panalibe amene anaseka. Aphunzitsi a sukulu ya mkaka anangotembenuka n'kumapita.

Abambo anaphwasula khola okha, thabwa limodzi limodzi, osayang'ana kumpanda. Nkhumba anazigulitsa sabata yomweyo, ndipo anaitanidwa ku ofesi kawiri. Buku la amalume ndinaliona lili pa chishalo cha njinga. Analemba mizere iwiri yokha: "Paipi inaboka ndi piki, nyumba nambala 31. Ngalande ya khola inali pamwamba pake." Dzina sanalembe, koma m'tauni ngati yathu nambala ndi dzina kale.

Paipi anayitsuka tsiku lonse, madzi akungotayikira mumsewu. Loweruka m'mawa amalume anaima pa mpopi womaliza, anthu ali mzere mpaka pa geti ya sukulu. Anatunga, kuponya piritsi, kukhutchumula. Kabotolo kanafiira pang'onopang'ono mpaka pinki weniweni. Anamasula kapu, kutunga, kumwa yonse.

"Fungo labwereranso," anadandaula wina kumbuyo.

"Labwerera," anatero amalume.

Ana seveni aja anachira onse, ngakhale mmodzi anagonekedwa kuchipatala masiku anayi. Kiyi akadali nawo amalume. Palibe anawathokoza pagulu, ndipo iwo sakuoneka ngati ankayembekezera.

Papita miyezi iwiri tsopano. Masana amadyera ku thanki, mabanzi ndi tiyi wa m'fulasiki, atakhala pa thumba la mchenga wa masefa. Kampando kawo abambo anakalowetsa m'shedi, ndipo pano amaikapo zitini za vanishi. Amayi sanandikalipire pa zimene ndinanena Lolemba lija. Sananenepo chilichonse, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

M'mawa uliwonse amayi amakhala pamzere wa mpopi womaliza, kawirikawiri patsogolo penipeni. Amalume akafika pa njinga sapatsana moni. Amayi amayang'ana kumbali, ndowa ili m'manja, pamene iwo akukhutchumula kabotolo. Amadikira mpaka amve kapu yagunda pa handulo. Akatero m'pamene amaika ndowa pansi pa mpopi.