Tsiku Limene a Lameck Sanamve Mabuleki

Mukachoka ku Salima kulunjika ku Senga Bay, musanafike pomwe fungo la usipa limayamba kukulandirani, pali galaja ya pansi pa mtengo wa mango. Chikwangwani palibe. Pali jeke, bokosi la masipanala, matayala akale, ndi benchi yomwe mayi Elsie amagulitsirapo tomato ndi usipa. Mwini galajayo ndi amuna awo, a Lameck, omwe madalaivala a m'mbali mwa nyanja anawapatsa dzina loti a Makutu.

Dzinalo silinangobwera. A Lameck anakulira ku Chitala, kwa alimi a chimanga, koma khasu linawakana. Ntchito anakaiphunzira pa galaja ina m'tauni ya Salima, kwa bwana wosakonda zolankhula, yemwe ankangoti, "Mvetsera." Ndiye anamvetseradi. Atasamukira kunyanja kuno anali atadziwa kale kuti mabuleki salira mofanana. M'mawa chinyezi cha nyanja chimasiya kadzimbiri pa disiki, galimoto n'kulira pang'ono, koma ukaponda kangapo imatonthola yokha. Mchenga kapena kamwala kakalowa, kamakhwekhwereza ngakhale usanaponde buleki. Koma mapadi a buleki akamatha, pali kachitsulo kamene kamayamba kukanda disiki n'kumalira mopyapyala, tswii, kukuchenjeza. Ukakanyozera, chotsatira ndi kukukuta, chitsulo kudya chitsulo chinzake, ndipo apo ndiye kuti wachedwa kale.

Kayezedwe kawo aliyense ankakadziwa. Dalaivala ankathamangitsa galimoto kuchokera pa mjigo, n'kudzaponda buleki pa mango. A Lameck ankaima pambali, mutu atapendeketsa, maso atatsinzina. Kenako chigamulo: "Kutsogolo kumanzere, mapadi atha." Ankakonda kunena kuti, "Ine tayala sindichotsa kuti ndidziwe. Ndimachotsa kuti mwini galimoto akhulupirire." Kudzitama ankadzitama ndithu, tisabise, koma tayala likachoka zinkapezekadi momwemo. Ana awo anapita kusukulu ndi makutu amenewo, ndipo nyumba ya malata inamangidwa ndi makutu omwewo.

Tsono makutu nawo amatha. Zaka za kugogoda zitsulo ndi phokoso la makina odulira zinachita zake. Zoyamba kusowa zinali mbalame za mu mango muja. A Lameck ankaganiza kuti zasamuka. Kenako kwaya ya amayi kutchalitchi inayamba kumveka ngati ikuimbira kuseri kwa khoma. Injini ankaimvabe, kukukuta ankakumva. Chimene chinawathawa ndi kulira kopyapyala kuja, kumene kumabwera nthawi ikadalipo. Zinawawawa kwambiri, ndipo ankaopa. Munthu wotchedwa Makutu akagontha, watsala ndi chiyani? Sanauze aliyense, ngakhale akazi awo.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito inkayendabe. Galimoto ikangoima pa mango, mayi Elsie ankabwera ndi kapu ya thobwa, n'kuima paphewa pa amuna awo akudandaula mokweza. "Iii, bambo a Mayamiko, magalimoto anuwa atigonthetsa! Iyi ndiye ikulira ngati mbewa, mbali yakunoyi." Tsiku lina ankati, "Iyi ikungokhwekhwereza ngati tsache pabwalo." A Lameck ankawabweza mwaukali: "Inu za magalimoto mukudziwapo chiyani? Kagulitseni tomato uko." Akatero ankatembenukira kwa dalaivala n'kupereka chigamulo mwaulemerero wonse. Mumtima ankati anangochita mwayi kukwatira mkazi wokonda kudandaula.

Lachisanu lina mayi Elsie analawirira kudoko kukapikula usipa. Dzuwa litakwera kunafika Ismael, dalaivala wa pikapu imene imanyamula nsomba kupita ku Lilongwe, pamodzi ndi amayi a geni amene amakhala pamwamba pa matumba. Msewu umenewo ngwa mapiri, wodzaza zitunda ndi matsitso okhotakhota. Buleki ikakukana kumeneko, zako zada.

Ismael anapereka moni, maso ake ali pa benchi yopanda munthu. Anazengereza pang'ono asanalankhule. "Madala, pali kanthu kakulira ndikamaima. Ndinyamuka ndi amayi aja tikatuluka kumzikiti."

"Kayambireni pa mjigo," anatero a Lameck.

Pikapu inabwera, inaima, fumbi n'kuwakuta. A Lameck anapendeketsa mutu, anatsinzina, koma kunali zii. Anaibweza kuti iyambirenso. Zii. Jeke inali pomwepo, pafupi ndi phazi lawo, ndipo kuchotsa tayala sikukanatenga nthawi. Koma pamthunzi panali akabaza akuonerera. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akunena kuti sachotsa tayala kuti adziwe, akanaigwira bwanji jeke asanagamule?

"Ndi mchenga wa kunyanja uwu," anatero. "Uchoka wokha. Pitani."

Ismael anayang'ananso pa benchi paja, anathokoza, n'kunyamuka. A Lameck anakhala pa tayala. Ankadziwa kuti angolota, ndipo alotera pa moyo wa anthu. M'maganizo ankangoona amayi aja atagwiritsitsa zingwe za katundu, galimoto ikutsetsereka.

Posakhalitsa mayi Elsie anatulukira pa kabaza, n'kutsika njinga isanaimitsitse, beseni la usipa lili m'manja. Lero kunalibe thobwa, kunalibe kudandaula. Anaima maso ndi maso ndi amuna awo kuti aziwaona milomo.

"Galimoto ya Ismael mwailola ipite? Takumana nayo ikuimira mbuzi pamsewu. Ikulira mopyapyala, kutsogolo, mbali ya dalaivala."

"Ndati ndi mchenga."

"Kunena mwanena. Koma mwamva?"

A Lameck anawerama, n'kuyang'ana manja awo akuda ndi girisi. "Sindinamve," anayankha motsitsa. Foni yomubweza Ismael anaimba ndi mayi Elsie, chifukwa nayonso inali itasiya kalekale kumveka bwino kwa amuna awo.

Ismael atabwerera, a Lameck anatenga jeke. Anamasula manati, n'kuchotsa tayala. Mapadi anali atatsala ngati chikhadabo, limodzi litayamba kale kung'aluka. Pa disiki panali mzere wonyezimira pomwe kachitsulo kaja kankakanda.

"Subuhanallah!" anatero Ismael, atagwira pakamwa.

A Lameck anadzuka, napukuta manja pa ovolosi. Akabaza aja anali atasendera pafupi. "A Ismael, poyamba paja ndinakunamizani. Sindinamve kanthu. Makutu anga anatha, ndipo sizinayambe lero."

Ankayembekezera kuti wina aseka, kapena kuti dzina lawo lija lisanduka nthabwala pomwepo. Palibe anaseka. Ismael anangokanda mutu.

"Madala, zimenezotu tonse tinazidziwa kale. N'chifukwa chake timabwera amayi akakhalapo. Iwo amamva, inu mumakonza. Lero nditaona benchi ilibe munthu ndinafuna kubwerera, koma ndinachita manyazi. Ndinati ndingakukhumudwitseni."

Mawu amenewo anawalasa a Lameck kuposa kusekedwa. Kodi madalaivala onsewa ankangowasungira ulemu, akuima phee pomwe iwo akupendeketsa mutu? Ndipo ulemu womwewo ukanaponya galimoto ya anthu kuphompho lero! Anachita manyazi aakulu, koma pansi pa manyaziwo anamvanso kupepukidwa, ngati munthu amene watula mtolo umene anausenza nthawi yaitali. Anaika mapadi atsopano mbali zonse ziwiri, napukuta madisiki, napopa buleki mpaka inalimba. Poyesa komaliza sanatsinzine. Anayang'ana akazi awo, ndipo mayi Elsie atagwedeza mutu movomereza ndi pomwe anamuuza Ismael kuti apite.

Anthu atabalalika, mayi Elsie anayamba kuika usipa m'timilu pa benchi ngati palibe chachitika. A Lameck anapita kukaima pafupi.

"Mayi a Mayamiko, kudandaula konse kuja... Munadziwa liti?"

Mayi Elsie anadzutsa nkhope, nalankhula pang'onopang'ono kuti mawu onse afike. "Tsiku lomwe munandifunsa kuti mbalame za mu mangomu zinapita kuti. Zinali zikulira pamutu panu pomwepa."

A Lameck anayang'ana m'mwamba. Zinalimodi, zambirimbiri, timilomo tikutseguka n'kutsekeka. Anaziyang'ana kwa nthawi ndithu, maso akulengeza misozi. Kenako anagwira mbali imodzi ya benchi, nauza akazi awo kuti agwire inayo, ndipo anakaiika m'mbali mwa msewu, pafupi ndi jeke.