Mtengo Umene Mkamwini Anabzala

Mpeni wa mayi unali ndi chigwiriro chokulungidwa ndi mphira, ndipo dzinja limenelo unkangonunkhira mafuta a mtedza. Ankaupaka mafutawo chifukwa cha jakifuruti, chipatso chimene kwathu ku Milepa ambiri anali asanachionepo.

Mtengowo anabzala ndi bambo. Njere yake anachokera nayo ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Koma bambo anali mkamwini, ndipo malowo anali a kwawo kwa mayi. Amalume, mwini mbumba, ankati mkamwini ndi mlendo, zake ndi kulima chimanga. Akayamba kubzala mitengo ndiye kuti akulanda malo. Chaka ndi chaka amalume ankalonjeza kubwera ndi nkhwangwa. Bambo ankangopitiriza kuthirira mtengo wawo mofatsa. Lero ndimaona kuti kufatsa kumeneko kunali kuuma mutu ndithu.

Kenako mtengo unabereka pathunthu penipeni, zipatso zokhakhala, zokula kuposa dzungu. M'mawa uliwonse ndinkazigogoda kuti ndimve ngati zapsa. Chitapsa choyamba, fungo la nthochi ndi chinanazi pamodzi linafika mpaka kunjira. Mayi anandituma kukaitana amalume, ndipo bambo anayamba kusowa pokhala.

Mayi anayala masamba a nthochi, anadzola mafuta m'manja, n'kuching'amba pakati. Utomoni woyera unkatamuka ngati ulimbo. Ine ndi phuma langa ndinagwira osadzola, zala n'kumatirirana mpaka madzulo. Amalume anakhala chapatali, akunena kuti chinthu cha fungo lotere sichakudya cha anthu. Anatenga kachidutswa kamodzi kachikasu, akuti kongolawa. Analawa choncho mpaka mbale inatha, madzi akutsikira m'ndevu. Ndinasangalala masana amenewo, ndipo kutsekemera kwake sindinakupezenso kwina.

Bambo anali atandiuza kuti njere zake zowiritsa zimakoma kuposa mbatata, choncho ndinkaziunjika pambali panga. Amalume anatapapo zodzaza dzanja n'kupatsa bambo.

"Alamu, izi mukabzale kumalire uko, cha kudimba. Mvula isanathe."

Bambo analandira ndi manja awiri. Mayi anapita kuseri kwa nyumba n'kukhalitsa komweko. Ine ndinangodandaula kuti njere zowiritsa zachepa. Sindinkadziwa kuti masana amenewo bambo anga anasiya kukhala mlendo.