Makope Atatu Oyera

Kuseri kwa msika wa Chitakale kuli mkulu wina amene mabuku awo ankalimbiranidwa kale. Chibwerereni matipate palibe wawasindikizira buku, maso nawo anafa, koma m'mawa uliwonse amakhala pakhonde, kope pabondo, akulemba. Amati, "Dzanja silifunsa maso."

Mwana wawo Janeti anazindikira mochedwa kuti bolopeni inauma, makope atatu atatha opanda chilembo. Anangowasinthira ina mwakachetechete.

Tsiku lina bambo akewo anamuitana. "Tandiwerengere kope loyamba, pamene amako akutsirizika. Mawu awo omaliza ayamba kundithawa."

Janeti anayang'ana pepala loyeralo, n'kupeka mawu.

Mkuluyo anatambasula dzanja kulandira kope lija.

"Amako sananene zimenezo," anatero. "Basi, lero ndiye amwaliradi."