Buku m'Thumba la Mtedza

Anagogoda Lolemba m'mawa, mwezi wa Juni, dzuwa litatuluka koma chisanu chisanachoke. Ine ndinali kulongedza mabuku m'katoni. Mayi a kunyumba anali kuseri, akusoka matumba a mphatso zimene mpingo unatipatsa dzulo lake potsanzikana. Ndinatsegula chitseko ndikumwetulira, poganiza kuti ndi Mkhristu wina wabwera ndi nkhuku yochedwa. Anali apolisi awiri, wina wamtali, wina wamfupi wonenepa. Wamfupiyo ndiye anali wamkulu.

"Ndimwe abusa a ku Malawi?" anafunsa. "Tabwela kutenga buku ija ya maina."

Tinali titakhala zaka khumi ndi chimodzi m'dera la Chikomeni, m'boma la Lundazi, kutsidya kwa malire. Mpingo wathu wa ku Kasungu unatituma kukatumikira anthu ogwira ntchito m'minda ya fodya. Ambiri a iwo anali akwathu, owoloka malire pa tinjira ta njinga, opanda pepala lililonse. Ine ndi mayi mapepala tinali nawo. Kumeneko munthu wa ku Kasungu ndi wa kwa Mwase wa ku Lundazi simungawasiyanitse pa nkhope kapena pa kalankhulidwe, ndipo aliyense ali ndi amalume mbali zonse ziwiri. Chowasiyanitsa chinali buku langa la maubatizo ndi maukwati. Anatiphunzitsa kulemba dzina la munthu, tsiku, ndi kwawo: mudzi, mfumu ndi boma. Anthu ankandiuza zoona chifukwa ankati m'buku la Mulungu salembamo bodza.

Chaka chimenecho akuluakulu a mpingo anatiitana kuti tibwerere kwathu, osatiuza kumene tikatumikire. Pa Sabata lotsanzikana ndinalalikira bwino, ndisaname. Ndinati sitikudziwa kumene Mulungu atitume, koma tikumudalira. Mawuwo ankatuluka mosavuta, chifukwa katundu anali womangamanga ndipo galimoto inali yolonjezedwa. Kenako ndinachita chopusa. Pofuna kuti anthu aone ntchito imene ndagwira, ndinatsegula buku lija n'kuwerenga mokweza dzina lililonse ndi kwawo kwake. Anthu ankawomba m'manja, amayi akululutira. Ine ndinkangomva kukoma.

Apolisi aja anasanthula nyumba yonse. Anang'amba makatoni, anagwedeza mphasa, anasuzumira ngakhale mu mtsuko wa madzi. Ine ndinali nditasiya bukulo pa tebulo la kukhitchini, koma atafika pamenepo panalibe. Ndinayang'ana mayi. Iwo anali kuluma ulusi pa thumba, osadzutsa mutu.

"Buku ili kuti?"

"Sindikudziwa," ndinatero, ndipo tsiku limenelo zinali zoona.

Wamtali anamenya thumba lalikulu la mtedza ndi phazi. "Na izi nshawa mufuna kuolotsa kulibe pepala? Iyi ni ekizibiti, umboni wa boma."

Anatikweza pa galimoto awiri, ine ndi thumba. Thumbalo analinyamula mosamala kuposa ine.

Malo amene ananditsekera sindiwatchula. Chipinda chinali chaching'ono, tinalimo anthu asanu ndi anayi, ndi ndowa imodzi pakona. Ndowayo ankaitaya wobwera kumene, choncho ntchito yanga yoyamba nditatsika pa guwa inali imeneyo. Anandilanda lamba, nsapato ndi magalasi. Simenti ya mwezi wa Juni imalowa m'mafupa. Fungo la m'menemo ndimalimvabe ndikadutsa pa khola la nkhumba.

Lachiwiri ananditengera mu ofesi n'kundikhazika pansi. Thumba lija linali pakona, atalimasula kale. Wamtali anali kuswa mtedza, makoko akutaya pamapazi panga. Wamfupi anatulutsa kalata n'kuigwedeza pamaso panga.

"Anthu anu omwe ndiye atilembela. Ati musunga mafolena mu chalichi, na buku ilipo."

Kalatayo inalibe dzina. M'munsi mwake munangolembedwa kuti wokonda dziko. Koma ngakhale popanda magalasi, zolembazo ndinazidziwa. Anali malembedwe a mkulu wa mpingo, mlembi wathu, amene ndinkawerenga zolemba zake za misonkhano zaka zonsezi. Mwana wake wamkazi anakwatiwa ndi bambo wina wa ku Kasungu wogwira ntchito m'chigafa cha fodya, ndipo ine ndi amene ndinadalitsa ukwatiwo. Mkuluyo sanamufune konse mkamwini ameneyu. Ankati mwana wake wophunzira sangathere m'manja mwa waganyu. Kumuthamangitsa yekha akanachita manyazi ndi anthu, ndiye anaona kuti boma limuthamangitsire. Kuti mabanja ena onse a m'bukumo apitire limodzi, iye sizinamukhudze.

Pa Sabata munthu yemweyu ndi amene anatsogolera pemphero lotiperekeza, mawu akunjenjemera. Thumba la mtedza limene linali pakonalo inali mphatso yake. Analitula yekha kutsogolo kwa mpingo, anthu akuwomba m'manja.

Lachitatu anandifunsa kuyambira m'mawa mpaka masana. Ankafuna buku, ndipo ngati palibe buku, maina. Ndinakana. Wamfupi anatuluka kukamwa tiyi, n'kundisiya ndi wamtali ndi kachitsulo kokhomera mapepala. Anandiuza kuti ndiike manja pa tebulo. Za pamenepo ndingonena kuti wamfupi atabwerako, anandifunsa mwaulemu ngati ndakumbukirako kanthu.

Madzulo a tsiku lomwelo analola mayi kubweretsa chakudya. Lamulo la kumeneko n'lakuti wobweretsa alawe kaye pamaso pa mlonda. Mayi ananyema mbatata n'kutafuna pang'onopang'ono, mpaka mlonda anatopa n'kupita kukayankha foni. Apo anaweramira pa zitsulo za chitseko.

"Bambo, buku lili m'thumba la mtedza," ananong'ona. "Nditawaona pa mpanda ndinalilowetsa mkati mpaka dzanja lonse, n'kusoka. Lili m'munsi mwa mzere wobiriwira uja."

"Mayi, thumbalo lili mu ofesi mwawo. Akudya."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana manja anga. Sanalire. Anangoti, "Ndiye tipemphere kuti akhute."

Kuyambira pamenepo sindinkaopanso kachitsulo kaja ngati mmene ndinkaopera thumba. Linali thumba loyera la fetereza, lokhala ndi mzere wobiriwira chapakati. Akandikhazika pansi, maso anga ankathamangira pomwepo. Lachinayi mtedza unali utatsika chikhato chimodzi ndi theka. Sanali kudya okha ayi. Aliyense wolowa mu ofesimo ankatapa, wina m'thumba la malaya, wina m'chipewa. Mzimayi wina wa yunifolomu anadzaza pepala la pulasitiki, akuti akasinjire ndiwo. Umboni wa boma unkatha ndikuona, ndipo sindinkadziwa ngati ndinyansidwe ndi kuba kwawo kapena ndi mantha anga.

Ndinkawerenga m'mutu anthu a m'bukumo. Amayi amene ana awo anabadwira m'minda imeneyo ndipo sadziwa kwina. Nkhalamba ina imene inaika mkazi wake m'manda a komweko. Onsewo anandiuza kwawo atagwada, madzi a ubatizo ali pamutu. Ndinkapemphera, koma osati mapemphero okongola a pa Sabata paja. Ndinkangoti, Ambuye, atsekeni m'mimba. Sindikunyadira pemphero limenelo, koma ndi limene ndinapemphera.

Lachisanu wamfupi anasintha mawu. Anandipatsa mpando, n'kunditapira mtedza wanga womwe.

"Abusa, ise sitifuna nkhani zambili. Mwakula, muli na amai panja. Manje lembani chabe dzina imodzi. Uja mkamwini wa akulu a mpingo. Mulembe kuti ni wa ku Malawi, musaine, mailo kukacha muli kwanu."

Anandikankhira pepala ndi cholembera. Kumbuyo kwake wamtali anali atapinda malaya, dzanja lili m'thumba, akufufuza mtedza waukuluukulu wa pansi. Mzere wobiriwira unali utayandikira kwambiri. Ndinayamba kuwerengera ngati wamalonda: munthu mmodzi apite, ena onse atsale, thumba lichoke muno lisanathe. Ndinadziuza kuti bamboyo ndi wamphamvu, akhoza kukayambanso kwawo. Ndinaiwala dala kuti mkazi wake anali woyembekezera.

Ndinatambasula dzanja. Izi ndikulemba chifukwa ena akhala akundiyamika kuti ndinalimba mtima, ndipo ndatopa nako kuyamikidwako. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge cholembera. Zala zinali zitatupa ndi ntchito ya Lachitatu, zinakana kupindika. Cholembera chinagwa pansi. Ndinayesanso, chinagwanso, n'kugubudukira kunsi kwa tebulo. Pamene wamfupi ankawerama kuti achitole, manyazi anandigwira thupi lonse.

"Sindilemba," ndinatero.

"Simungakwanitse olo simufuna?"

"Zonse ziwiri, bwana."

Anandibwezera m'chipinda muja. Mpaka lero sindidziwa chimene ndikanachita zala zikanakhala zabwino.

Loweruka ndi Lamulungu sanandiitane. Ndinkangomva kuseka mu ofesi ndi kaphokoso ka makoko. Masiku awiri amenewo anali aatali kuposa ena onse.

Lolemba lotsatira anatsegula chitseko n'kutchula dzina langa. Mu ofesi ndinapezamo mkulu wa mpingo uja, atavala jekete la pa Mgonero. Ndinamva pambuyo pake kuti nkhani ya kalata inali itamveka, ndipo pa Sabata amayi a mpingo anakana kumupatsa moni. Anabwera kudzadziyeretsa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kufinya zala zotupa zomwe zija.

"Phepani chomene, abusa," anatero. "Satana ni wamphamvu. Ise sitinagone, tinali kupemphela."

Ndinamuyang'ana pakamwa. Panali kakhungu kofiira ka mtedza. Anali atamutapirako podikira.

Wamfupi anati popeza akulu a mpingo andipepesera, mlandu watha, koma dzuwa lisandilowere m'boma la Lundazi. Anandibwezera lamba, nsapato ndi magalasi osweka mbali imodzi. Ndinaima osasuntha.

"Bwana, thumba langa."

Anaseka onse. "Abusa, mukonda nshawa! Yasala pang'ono iyi."

"Ndi mphatso ya akulu a mpingo awa," ndinatero. "Sindingaisiye."

Mkulu uja anatukumuka. Pofuna kuti apolisi ndi anthu a panja aone chikondi chake, anamanga yekha kukamwa kwa thumba ndi luzi, nalinyamula n'kuliika pa njinga yake. Anakana kuti wina amuthandize. Anaikankha njingayo kudutsa pa msika wonse mpaka pokwerera minibasi, akupereka moni uku ndi uku, thukuta likutsika m'jekete. Ine ndi mayi tinkatsatira pambuyo. Munthu amene anandigulitsa chifukwa cha buku ndi amene analinyamula kulichotsa m'manja mwa apolisi, dzina la mkamwini wake lili momwemo. Analikweza yekha m'minibasi, n'kutiuza kuti tikapereke moni ku Kasungu.

Titafika kwathu, mayi anamasula thumba pakhonde. Analowetsa dzanja, ndipo zala zisanamire zonse anakhudza chikuto. Apo ndi pamene analira.

Papita miyezi tsopano. Akuluakulu a mpingo sanatiuzebe kumene tikatumikire. Akuti tidikire, ndipo wina anandinong'oneza kuti mbusa amene anagonapo m'chitokosi savuta kumuiwala. Tikukhala m'nyumba ya achimwene anga. Mtedza wotsala uja tinaudzala m'munda wobwereka mvula itagwa, ndipo wamera bwino. Zala ziwiri za kudzanja lamanja sizipindikabe. Ufulu ndauona kuti ndi tinthu ting'onoting'ono: kutsegula chitseko wekha, kupita kuchimbudzi osapempha. Koma sunandichotsere kunyansidwa. Ndimanyansidwa ndi mkulu uja, ndi apolisi odya umboni, ndiponso ndi mlaliki amene anawerenga maina a anthu osauka mokweza kuti amuwombere m'manja.

Anthu akandifunsa za m'tsogolo ndimayankhabe kuti tikudalira Mulungu, koma ndimanena motsitsa mawu. Pa guwa paja ndinkadalira Mulungu pamodzi ndi galimoto yolonjezedwa ndi dzina langa labwino. Mu ofesi muja zonsezo panalibe, ngakhale kulimba mtima kwanga panalibe, ndipo anthu aja anapulumukabe. Kumene atitume sindikudziwa. Ndikudziwa kuti sadzatituma chifukwa choti ndine wolimba.

Buku lakale ndinalisunga pansi pa sutikesi. Mayi anakopera maina onse ndi masiku okha m'buku latsopano loti litumizidwe ku Chikomeni, poti ine kulemba kumandivuta. Tisanalitumize, tinalandira uthenga kuti mwana wa mkulu uja wabereka mwana wamkazi, wabatizidwa, ndipo bambo a khandalo, mkamwini uja, akupempha kuti alembedwe m'buku la abusa. Dzina limenelo ndinafuna kulemba ndekha. Ndinagwira cholembera ndi zala zitatu, ndipo zinanditengera nthawi. Ndinalemba dzina, ndinalemba tsiku. Mayi anaima pambuyo panga akuyang'ana.

"Nanga kwawo?" anafunsa.

"Pamenepo pasiyeni," ndinatero. "Mulungu, mwini bukuli, akudziwa kwawoko."