Munachotsa pulopela, amayi anga sanafike kwawo

Makaniko wina anachotsa chitsulo pansi pa galimoto yanga osandiuza, ndipo amayi anga sanafike kwawo ali moyo. Galaja yake ili m'mbali mwa msewu wa tala, kufupi ndi Mbulumbuzi. Dzina sinditchula. Akudzidziwa okha, ndipo ndikudziwa kuti awerenga.

Ine ndine Felesiya. Ndimagula nandolo m'midzi ya ku Mpama ndi ku Magomero n'kukagulitsa ku Limbe. Ndili ndi pikapu yakale ya fowilo imene anandisiyira malemu amuna anga. Si yokongola, chitseko china chimatsegukira kunja kokha, koma pamatope inali isanandichititsepo manyazi. Ukangokoka kagiya kakang'ono ka fowilo, matayala onse anayi amagwira nthaka.

Mu Okutobala inayamba kulira pansi, ngati wina akupera miyala. Ndikaika fowilo inkagunda, kenako kagiyako n'kuchoka kokha. Pamalo poimika ndinkapeza madontho a oyilo. Ndinapita nayo kugalajako, ndipo ndinanena mawu awa, anthu akumva:

"Bambo, za utoto ndi wayilesi zisiyeni. Mvula ili pafupi, amayi anga akudwala, ndipo njira ya kwawo ku Mpama ili ndi mtsinje ndi chitunda cha katondo. Ndikufuna fowilo yogwira."

Analowa pansi, anagogoda apa ndi apo, anatuluka akupukuta m'manja. Anati vuto ndi thiransifa bokosi, kabokosi kamene kali kuseri kwa giyabokosi, kogawira mphamvu ku matayala akutsogolo. Anati oyilo anatha, tcheni cha m'katimo chatamuka, mabering'i adyeka. Kufotokoza kwake kokoma, ngati mlaliki.

"Izi n'zazing'ono achemwali," anatero. "Loweruka mudzaitenga ili mtsikana."

Ndinalipira zonse, osanenerera. Loweruka lija anandikweza, tinazungulira bwalo la mpira. Anakoka kagiya, kagetsi kobiriwira kanayaka pa dashibodi.

"Mwamva phokoso?"

Sindinamve kanthu. Galimoto inali zii. Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja, ndinawonjezera ya fanta, ine chitsiru. Pafumbi la Okutobala ungadziwe bwanji kuti fowilo ikugwira? Ngakhale njinga imakwera.

Mu Januwale adokotala a kuchipatala cha mishoni anatiitana ine ndi mng'ono wanga Esinati. Anatiuza mwaulemu kuti mankhwala afika pamapeto. Amayi anali atadziwa kale. Anandigwira dzanja n'kuti:

"Iwe Felesiya, pano ndatopapo. Kandisiyeni kwathu. Ndikagone m'nyumba mwanga, ndimve fungo la pakhomo panga."

Moyo wawo wonse sanandipemphepo chitenje kapena shuga. Anandipempha chimodzi chomwechi, ndipo ndinalonjeza mosakayika, chifukwa ndinali ndi galimoto yokonzedwa.

Tinanyamuka cha m'ma teni koloko m'mawa. Mvula inali itagwa dzulo lake. Amayi anagona kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo pa Esinati. Patala tinayenda bwino. Pamsewu wadothi ndinkayendetsa pang'onopang'ono kuti mabampu asawapweteke. Titafika pamtsinje ndinaima, ndinakoka kagiya, kagetsi kanayaka. Tinawoloka. Titangoyamba chitunda, matako a galimoto anayamba kuvina. Ndinaponda mafuta. Matayala akumbuyo anazungulira pamodzimodzi, kukumba, mpaka galimoto inakhala pansi.

Anthu amene ankabandira m'minda anabwera ndi makasu awo. Anakumba, anathyola nthambi n'kuika pansi pa matayala, anakankha mpaka matope kumaso. Palibe. Bambo wina anati:

"Amayi, akutsogolowa angogona, sakuzungulira."

Ndinakangana nawo. Ndinati onani kagetsi, kakuyaka. Kenako ndinagwada m'matopemo n'kusuzumira pansi. Chitsulo chachitali chonga mpope, chimene chimachoka pa thiransifa bokosi kupita ku matayala akutsogolo, amati pulopela, ndinkachidziwa chifukwa amuna anga ankachipaka girisi. Panalibe. Panali mabowo a maboti okha, odzaza fumbi lakale. Miyezi yonseyi ndinkayenda ndi fowilo ya kagetsi.

M'galimoto muja amayi anafunsa, mawu ali pansipansi:

"Tafika?"

"Tatsala pang'ono amayi," Esinati anayankha. "Mitengo yanu ya mango ikuoneka."

Sananame. Inkaoneka ndithu, pamwamba pa chitundacho, ndi denga lomwe. Tinagwirizana zowanyamula. Amuna awiri anathamangira kukadula nsungwi zopangira machira. Ine ndinali ndikuvula chitenje choti timangepo pamene Esinati anandiitana. Sanakuwe. Anangoti, "Achemwali, tabwerani." Ndinadziwa ndisanatsegule chitseko.

Amayi achikulire amene analipo anatiuza kuti tisalire, maliro salirira m'njira, tidikire tikafike pakhomo eni mbumba amve kaye. Ndinameza kulira kwanga. Nthambi zomwe zija tinaika pansi pa matayala, ena anazizula n'kuzisomeka pagalimoto, kuti odutsa adziwe kuti pagwa zovuta. Machira amene tinapangira munthu wamoyo ananyamula maliro. Tinakwera chitundacho wapansi, mwakachetechete, ine pambuyo, matope mpaka m'mawondo.

Titaika maliro, lole ya njerwa inakoka pikapuyo, ndipo ndinalunjika kugalaja. Makaniko aja ndinawapeza akudya chimanga chootcha. Sindinatukwane. Ndinangofunsa kuti pulopela yanga ili kuti.

"Aa, ilipo, sitinataye."

Anapita kuseri, anaisolola pansi pa mulu wa zitsulo zadzimbiri, anabwera nayo akuikutumula ngati akundipatsa mphatso. Ndinafunsa za tcheni chatsopano ndi mabering'i amene ndinalipira. Anati tcheni cha mtundu umenewu chimasowa, ankati chikapezeka andiimbira. Bokosilo sanalitsegule n'komwe. Anathiramo oyilo, anamasula pulopela kuti zam'katimo zisamalemedwe, phokoso n'kutha.

"Nanga simunkadandaula phokoso?" anatero. "Aliyense amachotsa, achemwali. Fowilo amaigwiritsa ntchito ndani masiku ano? Imangomwa mafuta."

Aliyense amachotsa! Ndiye munthu akabwera ndi dzino lopweteka mumuchotse nsagwada? Nanga pakamwa panu panali pa giya yanji tsiku lija pabwalo la mpira, pamene munkandionetsa kagetsi? Mukanangoti, "Amayi, tcheni sichinapezeke, galimotoyi musapite nayo pamatope," ndikanafuna njira ina. Ndikanabwereka galimoto ya kuparishi. Ndikanauza abale kuti atidikire pamtsinje ndi machira. Mawu ochepa amenewo akanakudyerani chiyani?

Nditawauza zimene zinachitika pachitunda, anavula chipewa, anayang'ana pansi pang'ono, kenako anati:

"Pepani kwambiri. Koma imfa ndi ya Mulungu, tsiku likakwana lakwana."

Zimenezo ndikuzidziwa, bambo. Sindinabwere kwa inu kuti muchiritse amayi anga, madokotala anali atalephera kale. Sindikunena kuti munawapha. Ndikunena kuti munawalanda chitunda chimodzi. Tsikulo linali la Mulungu, koma malowo anasankha okha, ndipo inu munawasinthira ndi sipanala. Mayi amene anabereka ana asanu ndi awiri m'nyumba imene ija anatsirizikira pampando wa galimoto yonunkha dizilo, atamva anthu akuwerengera kukankha. Zimenezi zimandiwawa kuposa imfa yeniyeniyo, ndipo ndikamayendetsa ndimalira ndekha.

Inu anzanga okhala ndi magalimoto a fowilo, makamaka a kumidzi kuno, musakhulupirire kagetsi. Kamayaka chifukwa mwakoka kagiya, sikadziwa za matayala. Galimoto ikachoka kugalaja, gwadani musuzumire pansi, muone ngati mapulopela alipo onse awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Uzani makaniko akupatseni m'manja zitsulo zakale zimene wachotsa. Kaiyeseni pamchenga kapena pamatope, wina ataima panja n'kumaona ngati akutsogolo akukoka. Phokoso likatha mwadzidzidzi, funsani kuti lapita kuti. Ndipo amene muli ndi udindo woyang'anira magalaja m'boma lino la Chiradzulu, ngati mulipo, tiuzeni kuti munthu wochitiridwa zotere amakadandaula kwa ndani.

Potsanzikana, bambo aja ananditsatira mpaka pamsewu, pulopela ili paphewa. Anati ndibwere nayo galimoto Lolemba, adzabwezera chitsulocho ulere, ndipo tcheni adzachifuna ndi mtima wonse.

Ulere. Zikomo kwambiri. Mukabwezera, ndidzanyamulemo ndani?

Ine ulere wanu sindikuufuna. Ndikufuna mukwere chitunda chija wapansi, mukafike pakhomo paja, mukapeze amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu. Tsiku limene lija anadzuka m'mamawa, anasesa m'nyumba, anafunditsa madzi osamba, anayala mphasa yatsopano kuti mkulu wawo akafika apumulepo. Anamva kulira kwa injini kumtsinjeko, anaima pakhomo akumwetulira. Mphasa yomweyo ndi imene tinagonekapo thupi. Mpaka lero akandiona amandifunsa kuti, "Koma Felesiya, galimoto ija si unati yakonzedwa?" Pitani mukawayankhe inuyo.