Misomali ya M'mwamba

Levulo silinali dzina lawo lenileni. Anzawo a kushopu ya ukalipentala ndiwo anawatcha choncho, potengera levulo, chida choyezera ngati chinthu chawongoka, chifukwa mkuluyu sankatha kuona chithunzi chopendekeka, ngakhale m'nyumba ya eni, osanyamuka kukachiwongola. Anakhoma zitseko ndi makabati a anthu zaka makumi atatu, koma zokongoletsa nyumba yawo pa tchuthi cha nyengo yozizira sanazigwirepo. Imeneyo inali ntchito ya akazi awo. Mayiwo ankakwera patebulo n'kumamangirira maliboni ku misomali ya kufupi ndi siling'i, a Levulo ali pansi atagwira tebulo, uku akudandaula kuti zonse zapendekeka.

"Inu gwirani tebulo," mayiwo ankatero. "Pakamwapo papumeko."

Chaka chimenechi mayiwo anali atatsikira kulichete. Mwana wawo wamkazi, namwino wa mumzinda wina, anaimba foni.

"Bambo, ndikubwera Loweruka. Ndikadzaona kuti panokha zikukuvutani, tidzabwerera limodzi. Chipinda chilipo kuno."

Mawu achifundo ndithu, koma a Levulo anawalasa mtima. Chitseko chilichonse m'nyumbamo anachipala okha, ndipo kuchokamo sanafune n'komwe kukumva. Anaganiza kuti mwanayo akapeza pabalaza pokongoletsedwa monga mwa zaka zonse, nkhaniyo ifera pomwepo.

Lachisanu m'mawa anasolola katoni kunsi kwa bedi. Munali maliboni okulungidwa bwinobwino, nyenyezi za mapepala onyezimira ndi timagetsi tophethira. Fungo la mafuta odzola a malemu linali lidakali momwemo, moti mkuluyu anayamba wakhala pansi kaye. Kenako anakokera tebulo kukhoma n'kuikapo bondo limodzi. Tebulo la m'nyumba ya kalipentala, lagwedegwede chonchija! Anacheuka kuti auze munthu agwire, koma kumbuyo kwawo kunali mipando yokhayokha. Kuitana aneba sikukanatheka, poti mayi a pakhomopo nambala ya namwino ali nayo, ndipo pakamwa pawo sipagona nkhani.

Ndiye a Levulo anachita zimene manja awo ankadziwa. Anatenga levulo ndi pensulo, nalemba mzere kuzungulira pabalaza ponse, pamene phewa lawo lokalambalo linkalola dzanja kufika. Anakhoma misomali yatsopano yotalikirana mofanana, n'kukoka maliboni mpaka kuti nga ngati chingwe choyanikapo zovala. Kwa nthawi yoyamba m'nyumbamo munalibe chopendekeka, koma panalibenso woti amuonetse. Anayatsa timagetsi masanasana, namwa tiyi okha atavala jekete. Anawasowa mayi aja koopsa, pamodzi ndi maliboni awo okhotakhotawo.

Loweruka namwino analowa ndi chikwama, n'kuima pakhomo. Liboni loyamba linamukhudza tsitsi. Anayang'ana mzere wa pensulo umene bambo ake anaiwala kufufuta, kenako anakweza maso. Misomali yakale inali m'mwamba muja, yopanda kanthu.

"Mwakongoletsatu, bambo. Zowongoka bwino."

"Ndekhatu, mwanawe," anayankha monyada. "Popanda wondigwirira ngakhale msomali."

"Ndaona, bambo."

Anawakumbatira nthawi yaitali, nakateleka ketulo. A Levulo mtima unakhala pansi. Anayamba kufotokoza mmene anapezera mzerewo, ngodya ndi ngodya, mwanayo akungogwedeza mutu.

"Tepi yanu yoyezera ili kuti, bambo?"

Anaitulutsa m'thumba mwamsangamsanga, akumwetulira, poganiza kuti mwanayo akufuna kutsimikiza yekha kuti misomali yatalikirana mofanana. Koma namwino anawadutsa n'kulowa kuchipinda chogona.

A Levulo anatsala ali chiimire pabalaza, timagetsi tikuphethira. Anamva tepi ikusololoka, n'kubwerera kuti thapu, kenako ikusololokanso. Patapita kanthawi anamva mwanayo akulankhula ndi mwamuna wake pafoni, motsitsa mawu.

"Bedi lawo likwana. Kabati ya amayi ndiye sikwana."