Ababa a M'foni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinaona mwana wanga Yusufu akupita kusukulu atavala mapatapata a amake. Anali aakulu, ndiye mwana ankayenda mokhwekhwereza ngati nkhalamba, fumbi likumutsata m'mbuyo. Ine ndinali nditangotsika m'bwato, maso ali psuu ndi tulo, m'manja muli kabeseni ka usipa wosakwana ndiwo za masiku awiri. Chaka chimenecho nyanja inatikana. Tinkachezera pamadzi ndi nyali, mwini khoka n'kutenga zake, ife alovi n'kumalimbirana zotsala. Nditafika kunyumba ndinauza Asiyatu, mkazi wanga, kuti ndikupita. Sanalire, sanandiletse. Anangokonza nsalu yomwe anaberekera Zainabu, n'kundifunsa ngati thalauza langa labwino lija alichape lero lomwe.

Kwathu ku Lifuwu, ukaona nyumba yamalata atsopano sufunsa zambiri, umangofunsa kuti ku Joni kuli ndani. Ndinagulitsa njinga, alamu anga anaonjezerapo, ndinakwera basi. Mnzanga wina wa kumzikiti, yemwe anatsogola kale, anandipezera ntchito panyumba ya Amwenye. Ndinalembedwa kuti ndizisamala maluwa ndi kutsuka galimoto. Koma madamu a pamenepo ataona kuti ndimadzuka m'bandakucha popanda wondigwedeza, anandiwonjezera ana awo awiri, anyamata okhaokha.

M'mawa panyumba paja pankakhala ngati padepoti ya minibasi. Yunifolomu zinkasitidwa dzulo lake, nsapato zopolishidwa zili ndandanda pakhomo, timabokosi ta chakudya patebulo, chiwotchi chachikulu pakhoma. Madamu ankaomba m'manja, “Tayimu! Tayimu!” ana n'kumathamanga uku ndi uku. Ine ndiye ndinkamanga zingwe za nsapato, kupesa tsitsi, kukwawira kunsi kwa bedi kusaka sokosi yosowa. Wamng'onoyo sankadya mpaka nditamuimbira nyimbo ya pokoka khoka. Ndipo sanachedwepo kusukulu ana aja, olo tsiku limodzi, ndipo ine ndinkanyadira. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. N'zoona, koma mwambiwo sunena kuti nthawi imeneyo wako weniweni akumudzutsa ndani.

Nthawi yowawa inali galimoto ikangotuluka. Ndikatseka geti, bwalo lonse linkangoti zii, ndipo mpamene ndinkakumbuka kuti ndine bambo wa ana ena. Ndalama ndinkatumiza, ndisaname. Asiyatu anafolera malata, anapeza kamunda ka mpunga kusikimu, Yusufu anavala nsapato zakezake. Koma ndalama siyankha moni. Zainabu ankakulira m'zithunzi: lero akuyenda, mawa akulankhula, kenaka wachoka mano akutsogolo. Ndikaimba foni ankangoipumira, amake akumukakamiza kuti, “Lankhula, ndi ababa ako.”

Tsiku lina m'nyengo yozizira, kuzizira kwa ku Joni kumene kumalowa mpaka m'mafupa, ndinatseka geti n'kuima pomwepo. Ndinali ndi chifuwa. Ndinatulutsa foni ndi kujambula mawu. Ndinati, “Salamu alaikumu, ana anga. Yusufu, Zainabu, dzukani, kwacha. Kuno kukuzizira.” Apa ndinakhosomola. “Sambani, mumwe tiyi. Zainabu, mayi wanga, usalire akamakupesa. Muyende bwino.” Ndinatumiza, ndinapukuta m'maso, ndinapita kukathirira maluwa. Mawa lake ndinali nditaiwala kale.

Ndinabwerera patapita zaka zisanu, abwana atasamukira kunja ndi banja lawo lonse. Wamng'ono uja anandikakamira miyendo pondisiya, ine ndinachita manyazi kuti ndikulira mwana wa eni. Nditatsika pa Salima boma, kutentha kunandilandira ngati kuti sindinachokepo. M'katundu wanga munali nsapato, zikwama, timabokosi tiwiri ta chakudya ndi wotchi yapakhoma. Mapulani ndinali nawo kale. Ndinkati ana anga nawonso azidzuka ngati ana a anthu.

Yusufu anandithamangira, mnyamata wofika kale paphewa langa. Zainabu anagwada chapatali n'kundipatsa moni wa alendo, mwaulemu kwambiri, maso ali pansi. Anthu anaseka kuti mwana waleredwa bwino. Ine ulemu umenewo unandibaya.

Lolemba loyamba ndinapita kumzikiti kukaswali m'bandakucha. Pobwerera, ndili pakhonde, ndinamva mawu a mwamuna m'nyumba mwanga. Mtchona aliyense amabwera ndi mantha amenewa m'thumba, ngakhale savomera. Ndinakankha chitseko. Ndinapeza Asiyatu atagwada pamphasa ya ana, foni ili m'manja, ndipo mwamunayo anali kukhosomola. Ndinali ine ndemwe.

“Chimenechi n'chiyani, amake Yusufu?”

“Ndi mmene timadzukira,” anatero, osadabwa n'komwe. “Kuyambira chaka chija munatumiza. Foni itafa ndinakasamutsitsa mawuwa kuboma.”

Zainabu anali atakhala kale tsonga, akuyasamula, ndipo anayankha foniyo kuti, “Alaikumu salamu, ababa.” Ine amene ndinaima pakhomo sanandiyang'ane.

Ndinaseka, koma kunali kuseka kwa pamwamba. Madzulo ake ndinauza Asiyatu kuti za fonizo zithe, mwini mawu wabwera. Ndinakhoma wotchi pakhoma. Ndinalamula kuti yunifolomu zizisitidwa madzulo, nsapato zizigona pakhomo, madzi a kumjigo azitungidwiratu, aliyense azidya atakhala pansi osati choimirira. Asiyatu anandiyang'ana mmene mkazi amayang'anira mwamuna amene akufuna kuphunzitsa nsomba kusambira. Anangoti, “Chabwino, abambo ake. Inu ndi amene mwaona zambiri.”

Zina zinayenda, ndisaname. Yusufu anaikonda wotchi ija, ndipo kabokosi kake ankaikamo mbatata n'kumakanyamula monyada. Zina zinatigonjetsa: magetsi akathima madzulo, kusita kunkadikira makala a m'mawa, ndipo nsapato zogona pakhomo zinagonedwa ndi chule. Koma vuto lenileni linali Zainabu. Ndikaomba m'manja n'kunena kuti “Tayimu! Tayimu!” iye ankadzikulunga m'chitenje, n'kutembenukira kukhoma. Ndikakweza mawu ankalira. Pomupesa ankalira kwambiri, tiyi ankamusiya. Mwana amene aphunzitsi ankamutchula ngati chitsanzo anayamba kufika anzake atalowa kale, n'kumapatsidwa chibalo chotola zinyalala pabwalo. Ine amene ndinalera ana a eni osachedwapo, wanga ndinkamuchedwetsa.

Lachisanu ndinali kuseri kwa nyumba ndikusamba m'maso pamene ndinamva Zainabu akufunsa amake, “Amayi, alendowa apita liti?”

“Alendo ati? Si ababa ako amenewa?”

“Ayi. Ababa anga ali m'foni. Awa amakalipa.”

Madzi anatsala m'manja mwanga. Ndinaona zambiri ku Joni, kuthamangitsidwa ndi apolisi, kutukwanidwa m'sitima chifukwa cha kalankhulidwe, koma palibe chinandipweteka ngati mawu a kamwana kameneka. Ndinachita mantha kuti ndapita zaka zonsezi kukagula malata ndi nsapato, mwana n'kumugulitsa.

Ana atapita, Asiyatu anandipeza nditakhala pamtondo wogwa. Sanandinyengerere, si khalidwe lake. Anandipatsa foni.

“Mverani nokha,” anatero. “Ine ndinkangodina. Wodzutsa ana anali inu. Ndikakhala ndi malungo, Yusufu ankadina yekha. Mwanayu pomupesa anasiya kulira chifukwa ababa ake anamupempha. Ndiye inu mwabwera ndi madamu anu m'kamwa.”

Anapita kumunda kukapirikitsa mbalame, ine ndinatsala ndi foni. Ndinamvera kangapo. Munthu wa m'menemo ankalankhula pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti mawu angathe. Kumbuyo kwake kunkamveka galu wa anansi athu a ku Joni. Anali munthu wosauka, wodwala chifuwa, wopanda mapepala okwanira, koma ankadziwa kudzutsa mwana. Ndinachita naye nsanje, ndipo ndinamumvera chisoni.

Lolemba lotsatira, nditabwera kumzikiti, sindinaombe m'manja. Ndinavula nsapato n'kugwada pambali pa mphasa. Asiyatu anali pambaula panja, koma ndinadziwa kuti makutu ake ali m'nyumba. Ndinayamba motsitsa, “Salamu alaikumu, ana anga. Yusufu, Zainabu, dzukani, kwacha. Sambani, mumwe tiyi.”

Chitenje chinagwedezeka pang'ono. Kenaka kunatuluka mawu, mutu ukadali mkati.

“Mwadumpha.”

“Ndadumpha chiyani, mayi wanga?”

“Amanena kuti kuno kukuzizira.”

Unali mwezi wa Okutobala. Thukuta linali likutsika kale m'msana mwanga, dzuwa lisanatuluke n'komwe. Ndinati, “Kuno kukuzizira.”

Anadikira. Inenso ndinadikira. Yusufu, yemwe anali maso kalekale, anandinong'oneza kuti, “Khosomolani, ababa.”

Ndinakhosomola. Ndinamaliza mawu onse mpaka pa “muyende bwino.” Zainabu anavundukula chitenje, anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka pandevu, ngati wogula nsomba amene sakufuna kupusitsidwa.

“Alaikumu salamu, ababa,” anatero.

Ananyamuka n'kukasamba. Pobwera anadutsa amake pambaula, anabwera kwa ine n'kundipatsa chipeso. Manja anga amene anapesa ana a eni zaka zonse zija anagwira chipesocho ngati sanagwirepo mutu wa mwana. Ndinamukoka tsitsi kawiri, ndinamva ndithu, koma sanalire.

Wotchi ija ikadali pakhoma, ndipo mabatire akatha imakhala masabata ingapo itaima osadandaula wina aliyense. Yunifolomu timasita madzulo magetsi akatilola. Yusufu amapita kumjigo, Asiyatu amayatsa mbaula, ine ndimadzutsa ndi kupesa, kenaka ndimawaperekeza mpaka pamsewu wa kusikimu. Mawu aja m'foni sitinawafufute, Asiyatu akuti ndi a tsiku limene ndidzachite matama. Ndinapita kutali kukaphunzira kadzutsidwe ka ana, osadziwa kuti kwathu anandisungira malo pamphasa zaka zonsezo, ndipo ankangodikira kuti ndidzawakwane.

Anzanga a kunyanja amandiseka akamva nkhaniyi. Aziseka. M'mawa uliwonse wa sukulu, Salima ikuotcha ngati mbaula, ine ndimagwada pansi, ndimanena kuti kukuzizira, ndipo ndimakhosomola.